Za khadi la katemera komanso ufulu wanu: yankho kwa mayi wina wa ku Zomba

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo kufunsa ngati abwana ake ali ndi mphamvu yomuletsa kulowa pa ntchito chifukwa alibe khadi la katemera wa COVID-19, pomwe thupi ndi lake. Amayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa nkhani ya ufulu pa nthawi ya mliri inatigawanitsa ngakhale pabanja pathu.

Achemwali anga amagulitsa usipa mumsika wa Limbe, ndipo ndalama imene amamanga pa nsonga ya chitenje m'mawa ndi yomwe imagula ufa wa madzulo. Boma la Peter Mutharika litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 mu April 2020, iwo anandiimbira foni osafunsa za kachilombo, koma za chimene ana adye. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litapita kubwalo lalikulu la milandu, Justice Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo, ndipo mpaka lero ndimaona kuti anachita bwino, pakuti sungatsekere munthu m'nyumba usanamuuze kumene nsima ichokere.

Komatu matendawo sanamve za chiletso cha khothi. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala mpweya wothandizira odwala kupuma unkaperewera. Amene amati thupi ndi langa aiwala kuti mu minibasi timakhala anayi pa mpando umodzi, mpweya wathu n'kumasakanikirana. Khadi palokha si chinthu chachilendo, popeza apaulendo akhala akuonetsa khadi lachikasu la yellow fever m'malire a mayiko kwa zaka zambiri popanda wodandaula.

Chimene sindingachivomereze ndi kufuna khadi kwa munthu amene sunamupatse mpata wobayitsa. Katemera woyamba wa AstraZeneca anafika kuno mu March 2021 kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira katemera mayiko osauka, mayiko olemera atadzikundikira kale wochuluka, ndipo mu May tinawotcha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu anthu akuopa mphekesera. Kenaka mu November, asayansi a ku South Africa ndi Botswana atanena poyera za Omicron, mtundu watsopano wa kachilomboka, mayiko ngati Britain anatitsekera zitseko, ndi Malawi yemwe. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anati kumeneko kunali kudana ndi Africa, ndipo sananame.

Ndiye muchite chiyani?

Apempheni abwanawo kuti lamulo lawolo alilembe pa pepala, ndipo akakuopsezani ndi kukuchotsani ntchito, pitani nalo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Ngati chikukuletsani ndi mantha kapena matenda ena amene muli nawo, kambiranani ndi adokotala. Ine ndinabayitsa, ndipo achemwali anga, amene ankakana kwamtuwagalu, anabayitsa atafotokozeredwa bwino ndi namwino wa kuchipatala cha kwawo.