Za ludzu la amayi anu amene ayamba dialysis

Achemwali, ndawerenga uthenga wanu wonena kuti amayi anu ayamba dialysis (kutsukidwa magazi ndi makina chifukwa impso sizikugwira ntchito) mwezi wathawu, kuti amachokera ku Katete kawiri pa sabata, ndiponso kuti akuvutika kwambiri ndi ludzu chifukwa anauzidwa kuti achepetse madzi pomwe dzuwa la Okutobala lafika pachimake. Mwafunsanso za mayendedwe ndi za kuika impso ina, koma ine ndiyankha za ludzu, popeza ndi nkhani imene ndakhala nayo m'nyumba mwanga kwa zaka zitatu, kuyambira pamene amuna anga anayamba kutsukidwa magazi kuno ku Chipata.

Chonde musatsatire zimene ena m'gulu muno alemba poyankha uthenga wanu zakuti muziwamwetsa madzi ofunda ambiri m'mawa kuti impso zitsukike. Ndikukhulupirira kuti olembawo ali ndi mtima wabwino, koma amenewo ndi malangizo a munthu amene impso zake zikugwira ntchito. Kwa munthu amene impso zinaleka, madzi amene wamwa alibe kotulukira. Amakhala m'thupi mpaka tsiku la makina, amatupitsa mapazi ndi nkhope, amakweza BP, amalemetsa mtima, ndipo akachuluka amalowa m'mapapo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake anamwino amayamba ndi kuimika wodwala pa sikelo asanamulumikize ku makina. Amayerekeza kulemera kwa tsikulo ndi kumene amakutcha dry weight, kumene ndi kulemera kwa munthuyo thupi likakhala lopanda madzi owonjezera. Funsani kuti dry weight ya amayi anu ndi yotani ndipo muilembe pachikuto cha kope.

Muyeso wa madzi amapereka ndi adokotala, ndipo umasiyana malinga ndi mkodzo umene munthu akutulutsabe. Kawirikawiri amawerengera mamililita 500 kuphatikiza mkodzo wa tsiku lonse lathunthu. Ngati amayi anu akutulutsa mamililita 300 usana ndi usiku, ndiye kuti mwina awalola pafupifupi 800. Amuna anga poyamba ankatulutsa pang'ono, koma tsopano zinasiyiratu, choncho muyeso wawo unatsika. Muyenera kuyeza mkodzowo ndithu tsiku limodzi lathunthu, m'jagi yolembedwa manambala imene mudzaisungire ntchito yokhayo, ndipo mukawauze ku chipatala. Jagi yotereyi ine ndinaigula ku Kapata Market pa mtengo wa pafupifupi K30, ngakhale kuti lero ingakhale itakwerako.

Koma chimene ndikufuna kuti mumvetsetse koposa zonse ndi chakuti ludzu limeneli gwero lake ndi mchere. Chaka choyamba chonse ine ndinkalimbana ndi kapu, ndinkabisa mtsuko, ndinkakangana ndi amuna anga usiku ndikawapeza ali pa ndowa, pomwe mphika wanga ndinkauphika monga kale. Ndinkawalanga munthu wosalakwa. Mchere ukachuluka m'magazi thupi limaitanitsa madzi mwamphamvu imene munthu sangaikane, ngakhale akhale wodziletsa chotani, ndipo impso zodwala sizingathe kuutulutsa mcherewo. Mukachotsa mchere mumphika, ludzu limatsika lokha pakapita masiku, ndipo muyeso wa madzi umene unkaoneka ngati chilango umayamba kutheka. Muyeso umene amalangiza ngakhale kwa anthu athanzi ndi wosapitirira magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, ndipo mmenemo mwawerengeredwa kale mchere wobisika m'zakudya zogula.

Mchere wobisikawo ndi umene umatipweteka ife kuno. Kapenta ndi nsomba zouma zambiri zimabwera kale ndi mchere, ndiye ife timathiranso wina pophika. Timakyubu tokometsera ndiwo, supu wa m'mapaketi, masoseji, poloni, nsomba za m'zitini, timapaketi timene timabwera ndi soya, tchipisi ta pamsewu, mtedza wokazinga ndi mchere, zonsezi n'zodzutsa ludzu. Buledi nayenso ali ndi mchere ngakhale sumveka pakamwa. Chikanda chili ndi mchere ndi soda pamodzi, ndipo soda amene timathira mu delele ndi m'chiwawa ali ndi sodiyamu yemweyo amene ali mumchere. Wina angaganize zothawira ku chidulo, koma chidulo ndi madzi a phulusa ndipo chili ndi potaziyamu wambiri, amene kwa munthu wa dialysis ndi woopsa kuposa mcherewo chifukwa akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuuimitsa. Pa chifukwa chomwechi musagule mchere wa m'masitolo umene amalemba kuti low sodium, popeza m'malo mwa sodiyamu amaikamo potaziyamu. Ine ndimapatula ndiwo za amuna anga ndisanathire mchere mumphika wa banja, ndipo ndimazikometsa ndi anyezi, adyo, tsabola pang'ono ndi madontho a ndimu. Kapenta ndimayamba ndamuviika m'madzi ofunda ndi kutaya madziwo kawiri. Masabata oyamba ankadandaula kuti ndiwo n'zosakoma, nsima ankaisiya theka, koma pakamwa panazolowera, moti tsopano akalawa ndiwo za ana amati zawawa mchere.

Ndikufotokozereni zimene zinatichitikira, chifukwa ndi zimene zinandiphunzitsa kuopa. Chaka chathachi, nyengo ngati yomwe ino, amalume awo a amuna anga anamwalira kumudzi cha ku Chadiza. Masiku awo a makina ndi Lachiwiri ndi Lachisanu, choncho tinanyamuka Loweruka tikuganiza kuti nthawi ilipo yokwanira. Pamaliro mukudziwa mmene zimakhalira. Azibambo amagona panja, ndiwo zimaphikidwa mumphika umodzi waukulu, ndipo ine ndinali kwa azimayi kumene sindikanatha kuona mbale yawo. Anadya kapenta ndi nyemba zamchere masiku awiri, ndipo dzuwa litatentha achibale anawabweretsera thobwa. Atakana, mayi wina wachikulire anawauza kuti thobwa si madzi koma chakudya, ndipo kukana chikho pamaliro a amalume ako n'kunyoza. Anamwa, ndipo atamwa kamodzi anamwanso. Lolemba usiku tili kunyumba ndinadzidzimuka nditawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja atagwira mawondo, akupuma mwabefu ngati munthu amene wakwera phiri, chifukwa akangoti agone chagada ankabanika. Mapazi anali atatupa moti patapata sanalowe, ndipo nditadina ndi chala pamwendo panatsala kadzenje kamene sikanabwerere msanga. Tinafunafuna galimoto usiku womwewo. Pa sikelo anapezeka kuti awonjezera makilogalamu oposa 5. Madzi ochuluka chotero sachotsedwa onse tsiku limodzi, chifukwa makina akakoka mofulumira BP imagwa, munthu amachita chizungulire ndipo minofu ya miyendo imakokana, ndipo tsiku limenelo ndinawaona amuna anga akulira ndi ululu wa kukokanako. Zinatenga maulendo angapo kuti abwerere pa dry weight yawo.

Choncho uzani achibale onse, makamaka akuluakulu, kuti thobwa, maheu, munkoyo, phala, tiyi, mkaka, msuzi wa ndiwo, mafiriziti ndi zakumwa zonse za m'mabotolo zimawerengedwa monga madzi. Mavwende, malalanje ndi nzimbe nazonso ndi madzi. Mukapita ku maliro, ku ukwati kapena ku chinamwali, nyamulani chakudya chawo ndipo mupemphe munthu mmodzi wolemekezeka pabanjapo kuti ndiye aziwakanira, chifukwa mayi wachikulire sangathe kukana yekha chikho chimene wapatsidwa ndi apongozi kapena alamu ake. Samalani kwambiri mpata wautali wa pakati pa masiku a makina. Kwa munthu wopita kawiri pa sabata, mpata umodzi umafika masiku anayi, ndipo mavuto ambiri amabwera usiku wotsiriza wa mpata umenewo.

Njira imene yatithandiza poyeza ndi yapafupi. M'mawa uliwonse ndimathira muyeso wa tsiku lonse m'botolo limodzi. Akamwa tiyi kapu imodzi, ndimataya madzi okwana kapu yomweyo kuchokera m'botolomo, ndipo akadya phala ndimachitanso chimodzimodzi. Botolo likatha, tsiku latha. Ubwino wake ndi wakuti wodwala amadzionera yekha zimene zatsala ndipo sipakhala kukangana. Makapu aakulu ndinawachotsa ndi kuwagulira kakapu kakang'ono ka khofi, chifukwa kakapu kodzaza kamakhutiritsa mtima kuposa kapu yaikulu yokhala ndi madzi pansi pokha. Mapiritsi amene saletsedwa kumwera pa chakudya amameza ndi nsima kapena phala limene lawerengedwa kale, ndipo madzi amangotsirizira pang'ono. Ngati mungathe, gulani sikelo ya m'nyumba kuti aziyezedwa m'mawa uliwonse atavala zovala zofanana. Yanga ndinaipeza m'tauni pa ndalama za pakati pa K250 ndi K350. Ife anatiuza kuti kulemera kusamawonjezeke kupitirira kilogalamu imodzi patsiku, ndipo kwa opita kawiri pa sabata ndi bwino kukhala pansi pa pamenepo, koma funsani muyeso wa amayi anu chifukwa umadaliranso msinkhu wa thupi.

Pa kutentha kwa mwezi uno, chimene chimathandiza kwambiri ndi ayisi. Tengani madzi a m'botolo lomwe lija, muwathire m'kathireyi ka ayisi pamodzi ndi madontho a ndimu, ndipo amayi azimung'unya kachidutswa kamodzi pang'onopang'ono. Kachidutswa kamodzi kamakhala mkamwa nthawi yaitali pomwe madzi ake ndi ochepa kwambiri. Magetsi akamazimazima, ine ndimasunga ayisiyo mu fulasiki ya tiyi ndipo amafika madzulo. Nthawi zambiri chimene chimavuta ndi kuuma kwa mkamwa, choncho azichukucha mkamwa ndi madzi ozizira n'kulavula, azitsuka mano masana, ndipo azitafuna chingamu chopanda shuga kapena kunyambita kachidutswa ka ndimu kuti malovu abwere. Pamilomo apake mafuta. Masana akhale pamthunzi, chitenje chonyowa chili pakhosi ndi pamapewa, ndipo kusamba madzi ozizira kumachepetsa ludzu kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati ali ndi kachubu ka dialysis pakhosi kapena pachifuwa, pamenepo pasanyowe ngakhale pang'ono. Ngati amayi anu ali ndi matenda a shuga, yezani shuga kawirikawiri, chifukwa shuga akakwera ludzu limakula ngakhale mchere mutauchotseratu.

Mango atsala pang'ono kupsa, ndipo apa ndikuchenjezani mwamphamvu. Munthu waludzu akaona mango, nthochi kapena mapeyala amaganiza kuti wapeza pothawira, koma zipatso zimenezi zili ndi potaziyamu wambiri, monganso malambe ndi bwemba zimene ena amaviika kuti apange chakumwa chowawasa. Wodwala wina amene tinkadikira naye pa benchi anadya mango ambiri tsiku limodzi ndipo anabwera naye atafooka miyendo osatha kuima. Mbatata, mbatatesi ndi masamba muzizidula tizidutswa, kuziwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madziwo musanazikazinge, ndipo tomato ndi nsinjiro zikhale zochepa.

Mankhwala azitsamba a m'mabotolo amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, amene ena awatchula m'gulu muno kuti amadzutsa impso, musawalole kulowa m'nyumba. Amabwera ndi lamulo lakuti munthu amwe kapu yodzaza katatu patsiku, zimene zikutha kale muyeso wa madzi, ndipo zimene zili m'katimo thupi silingathe kuzitulutsa. Mutu kapena miyendo ikawawa musawagulire Brufen kapena diclofenac, chifukwa mankhwala amenewa amatha kuononga mphamvu yochepa imene impso zatsala nayo, ndipo mkodzo wochepa umene akutulutsawo ndi umene ukuwapatsa mwayi womwa madzi owonjezera.

Pa ulendo wochokera ku Katete, adyeretu kunyumba kapena munyamule chakudya chophika nokha, kuti asagule tchipisi ndi soseji pa siteshoni. Akhale mbali ya basi imene kulibe dzuwa, ndipo fulasiki ya ayisi ikhale m'manja mwanu. Tsiku la makina asaliphonye ngakhale akumva bwino kapena kunyumba kwagwa zovuta. Mukaona kuti akulephera kugona chagada, akufuna mapilo ambiri kuposa masiku onse, akutsokomola usiku, akupuma movutikira, kapena afooka miyendo mwadzidzidzi, musadikire tsiku lawo, pitani nawo ku chipatala nthawi yomweyo ndipo mukangofika nenani kuti ndi wodwala wa dialysis. Kope lija lolembamo kulemera kwa m'mawa uliwonse, madzi amene amwa ndi mkodzo mulinyamule, chifukwa adokotala akaliona amadziwa msanga pamene zinthu zinayambira kusokonekera.