Kwa achemwali ofunsa za kokacheza ku Joni nyengo ino ya masika

Achemwali, mwati mwangofika kumene kuno ku Joni, mumapuma Lamulungu lokha ndi masiku a holide, ndiye mukufuna kudziwa zomwe zimachitika miyezi ino ya Malichi, Epulo ndi Meyi zoti munthu n'kupitako ndi ana osawononga ndalama zambiri, komanso komwe mungapeze zakudya zakwathu. Ena m'gulu lino akuyankhani kale kuti "ingokhalani pa den, kunja n'koopsa." Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndifotokoza.

Chaka chonse kuno palibe miyezi yokoma kuyenda ngati imeneyi. Mvula ya mabingu ya madzulo ija imayamba kuchepa mu Malichi, pofika kumapeto kwa Epulo imakhala yatsanzika. Masana dzuwa limawala bwino koma osawotcha. Chokhacho dziwani kuti mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,700, ndiye mu Meyi dzuwa likangolowa kumazizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Limalowanso msanga, isanakwane 6 koloko. Potuluka m'mawa, majuzi a ana azikhala m'chikwama ngakhale kunja kukuoneka kofunda.

Mwayi wanu ndi wakuti maholide a dziko lino anaunjikana nyengo yomweyi: 21 Malichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 27 Epulo, kenaka 1 Meyi. Holide ikagwa Lamulungu, Lolemba lake anthu amapuma. Ndipo poti mwati mumagwira ntchito ya m'nyumba, lamulo la kuno limati kugwira ntchito pa holide n'kogwirizana, ndipo ngati tsikulo ndi limene mumagwira kale nthawi zonse, malipiro ake ndi owirikiza kawiri. Kambiranani ndi abwana anu nthawi ikadalipo, mwaulemu, kuti masiku ena akhale anu.

Tiyambe ndi 21 Malichi. Tsikuli amakumbukira anthu osachepera 69 amene apolisi anawawombera ku Sharpeville mu 1960 pomwe ankakana malamulo okakamiza anthu akuda kuyenda ndi mapasi. Masiku oyandikana ndi tsikuli ku Constitution Hill, pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow, kumakhala Human Rights Festival: nyimbo, ndakatulo, mafilimu, zokambirana, misika ya mabuku ndi zakudya, ngakhalenso zosangalatsa ana. Malowa anali ndende. Nelson Mandela anatsekeredwapo mmenemo, Mahatma Gandhi chimodzimodzi. Chigawo chotchedwa Number Four ndi chomwe ankathithikizamo amuna akuda, ambiri a iwo mlandu wake unali kusowa pasi basi. Lero pamalo pomwepo pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe nyumba yake inatsegulidwa mu 2004, ndipo zina mwa njerwa zake anazigumula ku ndende yomweyo. Kwa ife amene timayenda mtima uli m'mwamba chifukwa cha mapepala, kuima m'chipinda chimene munthu ankagonamo chifukwa cha kapepala kumakhudza mwa mtundu wina. Ana amsinkhu wa sekondale apiteko ndithu.

Pa Pasaka chodziwika kwambiri ndi Rand Show ku Nasrec, pafupi ndi bwalo la mpira la FNB. Ndi chionetsero chakale, chadutsa zaka 100. Ana amasangalala kwabasi, koma ndikuuzeni poyera: pamafunika thumba. Mulipira polowa, ana aziloza chilichonse choti akwere, chakudya chamkati n'chodula. Ngati mwakonzekera pitani kamodzi, muwauziretu ana kuti akwera zingati. Chakumapeto kwa Epulo anthu achipwitikizi amakhalanso ndi chikondwerero chawo cha Lusito Land, chomwe phindu lake limathandiza sukulu ya anthu aulumali. Kumeneko ndi kwa nkhuku yowotcha ya piripiri ndi nyimbo. Nakonso n'kolipira. Ngati mumapemphera, Pasaka musamudye nokha. Mipingo yakwathu, CCAP ndi ina, ili ndi mapemphero a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka m'madera angapo. Funsani m'gulu momwe muno, akulozerani wapafupi. Sabata imeneyo msewu wa N1 wopita kumpoto umadzaza ndi mabasi a mpingo wa ZCC opita ku likulu lawo ku Moria, ndiye si nthawi yoyenda maulendo ataliatali popanda chifukwa.

Tsopano zimene ine ndimazikonda, zosafuna tikiti. Joni kale linali dambo la udzu, mitengo yambiri mukuionayi inachita kubzalidwa, ndipo ina mwa iyo ndi yochokera kumaiko ozizira. N'chifukwa chake mu Epulo ndi Meyi masamba amasanduka achikasu ndi ofiira n'kuyoyoka misewu yonse ya ku Parkview, Saxonwold ndi Emmarentia. Kwathu masamba amayoyoka chifukwa cha chilimwe, kuno amayoyoka pothawa chisanu. Ku Zoo Lake kulowa n'kwaulere. Ku Emmarentia, komwe kuli damu ndi munda wa maluwa wa mzinda, n'kwaulerenso masiku wamba. Yalani chitenje pa kapinga, tsegulani kontena ya mpunga ndi nkhuku, ana athamange. Ku Delta Park chakumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo kumachita maluwa a cosmos, oyera ndi apinki, ofika m'chiuno. Anthu amapita kukajambulitsa zithunzi zotumiza kumudzi. Tsiku lina mukakhala ndi kangachepe, pitani ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort. N'kolipira, koma kuli mathithi, ndipo pathanthwe la pambali pake ziwombankhanga zakuda zakhala zikumanga chisa kwa zaka zambiri.

Za luso, poti tsiku lanu ndi Lamulungu, yambani ndi Rosebank Sunday Market yomwe imachitikira pamwamba pa Rosebank Mall. Kuchokera ku Park Station ndi siteshoni imodzi yokha pa sitima ya Gautrain, kapena kwerani taxi ngati mukusunga ndalama. Kuyang'ana salipiritsa. Mukamazungulira muyang'anitsitse ziboliboli ndi mipando yosema ija ya matabwa awiri olowetsana. Yambiri ndi ntchito ya manja a kwathu, ndipo mukapereka moni m'Chichewa musadabwe wogulitsa akakuyankhani. Zimandipweteka kuti alendo ochokera kutali amagula zinthu zimenezi n'kukakongoletsa nyumba zawo, pamene ana athu obadwira kuno sadziwa n'komwe kuti anasema ndi amalume awo. Aimikeni ana pamenepo, afunse mtengo wake ndi wanji, mpando umodzi umatenga masiku angati. Lamulungu loyamba la mwezi kulinso msika ku Victoria Yards ku Lorentzville, komwe nyumba zakale za mafakitale anazisandutsa mogwirira ntchito anthu ojambula, osoka ndi oumba, ndipo pakati pake analimapo ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso. Ku Braamfontein kuli Wits Art Museum, kolowa ulere, koma fufuzani kaye masiku omwe amatsegula musanawononge ya taxi.

Malo amene ndikufuna Mmalawi aliyense wa kuno awaone ali ku Newtown. Market Theatre ndi yodziwika: inatsegulidwa mu 1976 m'nyumba yomwe kale inali msika wa zipatso, ndipo nthawi ya tsankho inkaonetsa masewero odzudzula boma, akuda ndi azungu atakhala pamodzi. Mpaka lero masewero amachitika. Koma chapafupi pomwepo pali kanyumba kamene ambiri amangokadutsa, Workers' Museum. Inali komponi ya amuna obwera kudzagwira ntchito za mzinda, yomangidwa mu 1913. Mabedi ake ndi a simenti, ondandalikana, popanda chotchinga, popanda malo a mkazi kapena mwana. Agogo athu amene anabwera kuno ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ankagona m'makomponi a mtundu womwewo ku migodi. Ndi iwo anabweretsa kwathu njinga, mawilesi ndi masutikesi achitsulo aja, ena anabweretsa chifuwa, ena sanabwerenso n'kutchedwa matchona. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Kamuzu anaimitsa zolemba anthu ntchito za ku migodi. Ndipo pa 1 Meyi, tsiku la apantchito, kumbukirani kuti amene anayambitsa bungwe lalikulu loyamba la antchito akuda m'dziko lino, ICU, mu 1919 ku Cape Town, anali Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay. Munthu akamakuuzani kuti ndinu mlendo wongobwera dzulo, dziwani mumtima kuti thukuta lakwathu lili pansi pa mzinda uno. Ine ndimafuna ana athu akule akudziwa zimenezi, chifukwa kusukulu sakawauza.

Pa 25 Meyi ndi Africa Day, kukumbukira kukhazikitsidwa kwa OAU, bungwe la mgwirizano wa maiko a mu Africa, ku Addis Ababa mu 1963. Si holide kuno, koma kumapeto kwa sabata yoyandikana nalo kumakhala zoimbaimba m'malo osiyanasiyana, monga Bassline Fest yomwe imaitana oimba ochokera m'maiko ena a mu Africa.

Za zakudya tsopano, poti ndikudziwa kuti pamenepa ndi pomwe mtima uli. Kumudzi ino ndi nthawi ya dowe, maungu, mtedza wauwisi, nzimbe ndi mbatata, ndiye mkamwa mumachita kulakalaka. Chimanga chootcha ndi chophika muchipeza m'marenki a taxi, amayi amaotcha pa mbaula m'mphepete mwa msewu. Mapeyala ndi magwafa ino ndi nyengo yake, manachesi amayamba kuchuluka cha mu Meyi. Koma za ndiwo, pitani kumsika wa ku Yeoville. Kumeneko amagulitsa anthu a ku Congo, Zimbabwe, Nigeria ndi kwina, ndipo therere, chigwada, chinangwa, mbatata, nthochi zophika ndi nsomba zouma zimapezeka. Masamba a maungu akapezeka gulani ambiri mufutse, chifukwa chisanu chikagwa mu Juni nkhwani umasowa. Bonongwe mukamufuna funsani morogo, muone nokha mtundu womwe akupatsani. Usipa, utaka, ufa woyera, nsinjiro ndi mpunga wa Kilombero zimabwera ndi mabasi ochokera kwathu. Pafupi ndi malo omwe mabasiwa amaimira m'tauni komanso ku Mayfair ndi Fordsburg, komwe abale athu ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amakhala, simulephera kupeza wogulitsa. Nunkhizani usipa musanalipire, wina amakhala atakhalitsa panjira. Mukakhala anthu angapo, sonkhani ndalama m'modzi apite ku Joburg Market ku City Deep m'mamawa akagule anyezi, tomato ndi mbatatesi pa thumba, mugawane.

Ndipo musakane zakuno. Lawani kota, buledi wobooledwa wodzaza tchipisi, soseji ndi atchar, ana amaikonda. Lawani mogodu, zam'kati zophikidwa mpaka kufewa, tsiku lozizira. Ku Fordsburg madzulo a kumapeto kwa sabata kumanunkhira nyama yowotcha ndi masamusa, ndipo chaka chimene Ramadan yagwa nyengo ino kumakhala anthu ambiri dzuwa likalowa, koma kumeneko pitani ndi anzanu odziwa njira.

Amene akuti kunja n'koopsa sakunama kwenikweni. Zomwe zinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008, pomwe anthu oposa 60 anaphedwa m'dziko muno pa ziwawa zodana ndi obwera, sitinaziiwale, ndipo mbava m'tauni zilipo. Ndiye yendani awiri kapena atatu, foni ikhale mkati, mapepala anu akhale nanu, ndipo mubwerere kusanade. Kukamveka mphekesera ya zionetsero dera lina, tsiku limenelo khalani. Koma kudzitsekera m'kachipinda chaka chathunthu, kuchoka ku ntchito kupita pabedi, nakonso kumadwalitsa. Ndaona amayi olimba akufota ndi maganizo chifukwa chosowa woseka naye. Ifeyo gulu lino timakumana kwambiri pakagwa maliro, posonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi. Zimenezo n'zofunika ndipo tisasiye, koma sizingakhale kuti tizidziwana pa zovuta zokha.

Choncho ndikupempha a admin ndi nonse mukuwerenga: pa 27 Epulo kapena pa 1 Meyi tikumane ku Zoo Lake kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi chomwe angathe, wina nsima, wina nkhwani wotendera, wina thobwa, abambo abweretse mpira ndi bawo. Achemwali, inu mungobwera ndi anawo ndi chitenje chokhalira. Amene mukufuna lembani pansipa tsiku lomwe lingakuyendereni ndi dera lomwe mukuchokera, kuti a mbali imodzi akwerere limodzi taxi.