Kodi udzudzu umazoloweradi mankhwala?

Mayi wina wa ku Chinamwali watumiza imelo kufunsa kuti: "Anthu amati udzudzu ndi tizilombo ta malungo zinazolowera mankhwala. Kodi chamoyo chimapeza bwanji mphamvu imene makolo ake analibe?"

Mayi, funso lanu ndi lalikulu, koma mawu oti "kuzolowera" ndi amene amasokeretsa anthu. Udzudzu umodzi suphunzira kupirira mankhwala ngati mmene phazi limalimbira munthu akamayenda opanda nsapato. Umene wabadwa wofooka umafa uli wofooka. Chimene chimasintha ndi gulu lonse, mibadwo ikamapita.

Malangizo opangira thupi amalembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Munthu amalandira zilembo pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi, zinanso chimodzimodzi kwa bambo. Selo, kachigawo kakang'ono kwambiri kamoyo ka thupi, ikamagawanika imakopera zilembozi, ndipo mwa apo ndi apo chilembo chimaphonyeka. Asayansi amati mutation. Mwana aliyense amabadwa ndi zophonyeka zatsopano makumi angapo zimene makolo ake analibe. Zambiri sizichita kanthu, zina zimavulaza, zochepa kwambiri zimathandiza. Ndipo gwiritsitsani apa: kuphonyekaku sikudziwa chimene chamoyo chikusowa. Kumangochitika, kaya mankhwala alipo kaya palibe.

Ntchito ya mankhwala ndi kusefa basi, ngati sefa ya ufa. Amapha tizilombo tambirimbiri, n'kusiya tochepa timene tinabadwa kale ndi kusiyana kuja. Totsalato timaswana popanda wolimbana nato, ndipo ana ake amatengera. Kusefa kumeneku ndi kumene Charles Darwin anafotokoza mu 1859, ngakhale iye za DNA sankazidziwa.

Chitsanzo chake tili nacho kuno kwathu. Kachilombo ka malungo kali ndi jini (kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a ntchito inayake) yotchedwa pfcrt. Kusintha pa malo a nambala 76 a puloteni imene jiniyi imapanga, pamodzi ndi kusintha kwina kongothandizira, kumachititsa kachilomboko kutulutsa chloroquine kunja kwa kathumba kamene kamagayiramo chakudya, mankhwala asanakaphe. Tizilombo totere sitinayambire kuno. Tinaoneka ku Asia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kufika kum'mawa kwa Africa mu 1978. Pofika 1992, mwa odwala amene anayezedwa ku Blantyre, 85 pa 100 alionse anali nato. Mu 1993 Malawi inasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, dziko loyamba mu Africa kutero. Pofika 2000 chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pa 13 pa 100. Chinatsika chifukwa mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake: popanda chloroquine, tizilombo topirira timaswana mofookerapo, ndiye tinzake timatipitirira. Choncho palibe chibadwa chimene chili chabwino paliponse, zimatengera malo ndi nthawi.

Kodi chatsopano chenicheni chimachokera kuti, poti chilembo chimodzi n'chochepa? Njira yachiwiri, yamphamvu, ndi yoti jini yonse imakopedwa kawiri. Imodzi imapitiriza ntchito yakale, inayo imakhala ndi mpata wosintha popanda kupha mwini wake. Udzudzu wa Anopheles funestus, umene umafalitsa kwambiri malungo kuno kummwera, uli ndi majini awiri ofanana otere, CYP6P9a ndi CYP6P9b. Mu udzudzu wopirira, majiniwa amagwira ntchito mopyola muyeso n'kumaphwanya mankhwala a pa neti asanafike ku mitsempha. N'chifukwa chake kunabwera maneti okhala ndi PBO, mankhwala amene amatsekereza kuphwanyako. Njira yachitatu ndi kubereka kumene: majini a mayi ndi a bambo amasakanikirana, zabwino ziwiri zimene zinali m'matupi osiyana n'kukumana mwa mwana mmodzi.

Zimenezi zikapitirira kwa zaka zikwi mazanamazana, pamatuluka mitundu yatsopano. Mukapita kumsika wa Zomba, yang'anitsitsani chambo, utaka ndi mcheni pa benchi. China chili ndi mano osongoka ogwirira nsomba zinzake, china kakamwa kotumphuka kotolera tizakudya toyandama. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limeneli, ndipo yambiri, kuphatikizapo utaka, mcheni ndi mbuna, inachokera kwa kholo limodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi. Chambo ndi chachibale chapatali.

Kunyumba kwanu, mayi, chimene chimathandiza sefa ija kusankha zolimba ndi mankhwala osakwana. LA amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi munthu akadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Mwana akamwa tsiku limodzi, thupi n'kuzizira, inu n'kusunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize wina, mwapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimbirako. Udzudzu ukadzamuluma pambuyo pake, ndi timeneto timene ukapatsire mwana wa aneba.