Mwana wanga wasiya nyama, tsopano akukananso zophika

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Ndaifupikitsa. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19 wabwera ku holide atasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Zimenezo mayiwa anazilandira, ngakhale mtima unali usakufuna. Chawadetsa nkhawa n'chakuti mtsikanayu wayambanso kukana chilichonse chimene chadutsa pamoto, akuti anaonera pa YouTube ndi pa TikTok kuti kuphika kumapha chakudya. Funso lawo ndi ili: "Kodi mwanayu sadwala? Nanga ine ndizimukonzera chiyani, poti supu zimene akundionetsa pafoni zili ndi zinthu zoti kumsika kwathu kuno kulibe?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Pankhani ya nyama musalimbane naye. Munthu atha kukhala wathanzi osadya nyama, bola akudziwa chimene akuchita. Akhristu ambiri a mpingo wa Seventh-day Adventist akhala akutero kwa zaka zambiri, ma Rasta nawonso chimodzimodzi. Ndipotu kumudzi kwathu mabanja amatha milungu osalawa nyama, akudya nkhwani wotendera, chipere cha nandolo, futali, khobwe, nzama. Mwana wanuyo sanabweretse zachilendo kwenikweni. Koma pa zodya zosaphika zokhazokha, pamenepo ndiye ine ndikukana, ndipo ndikufuna mumuwerengere zifukwa zake kuti aziweruze yekha, chifukwa pa msinkhu umenewo kumuletsa chabe sikuthandiza.

Chimene akunenacho chili ndi mbali yoona. Vitamini C sagwirizana ndi moto, ndipo amasungunukira m'madzi. Ife tili ndi chizolowezi chothira soda m'masamba, kuwaphika mpaka atachita bii, kenako n'kutsanula madzi ake. Pamenepo zabwino zambiri zapita kudzala. Koma anthu odya zosaphikawa amapitirira apo. Iwo satenthetsa chakudya kupyola pafupifupi madigiri 48, ponena kuti kutentha kumaononga ma enzyme othandiza kugaya chakudya. Zoona zake n'zakuti thupi limadzipangira lokha ma enzyme ake, ndipo ochokera m'zomera ambiri amagayidwa m'mimba monga chakudya china chilichonse. Komanso pali zakudya zimene moto umazitsegula: karoti, maungu, mbatata yofiira mkati ndi tomato zimapereka zabwino zake zambiri zikaphikidwa ndi timafuta pang'ono kusiyana n'kuzidya zaziwisi.

Vuto lalikulu ndi mphamvu. Mukachotsa moto mwachotsa nsima, mpunga, mbatatesi, nyemba ndi phala, ndiye kuti zonse zokhutitsa zapita. Kilogalamu yathunthu ya kabichi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 250, pamene mtsikana wa msinkhu wake amafunika pafupifupi 2,000 patsiku. Ku Giessen m'dziko la Germany anachita kafukufuku wa anthu amene anakhala nthawi yaitali akudya zosaphika, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1999. Ambiri anaonda kwambiri, ndipo mwa akazi osakwana zaka 45, pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse msambo wawo unali utasokonekera kapena kusiyiratu. Ameneyu ndi mwana wamkazi, nkhani imeneyi aimve.

Ndiye palinso zakudya zathu zina zimene zimavulaza zikapanda kuphikidwa. Makanema ambiri otere amajambulidwa kumaiko akunja, kumene sadziwa chigwada. Chinangwa chowawa ndi masamba ake zili ndi poizoni wa cyanide. N'chifukwa chake ku Nkhata Bay amachiviika m'madzi masiku angapo asanapange ufa wa kondowole, ndipo chigwada timachisinja n'kuchiwiritsa nthawi yaitali. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu anadya chinangwa chowawa chosakonza bwino, ndipo oposa 1,000 analumala miyendo ndi matenda otchedwa konzo. Nyemba zaziwisi kapena zosapsa, makamaka zofiira, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa. Soya wamuwisi sagayika bwino. Kalongonda aliyense amadziwa kuti amafuna kuwiritsa ndi kutaya madzi kambirimbiri. Bowa wa kutchire asayerekeze n'komwe kumudya wamuwisi, ndipo muzigula kwa anthu omudziwa okha, chifukwa bowa wapoizoni ngakhale mutamuphika amaphabe. Pomaliza kumbukirani kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kutenga miyoyo ya anthu oposa 1,700. Masamba ambiri a kumsika amathiriridwa ndi kutsukidwa ndi madzi a m'mitsinje. Moto ndi umene umatiteteza ku zambiri zimene maso saona.

Tsopano tibwere kukhitchini, kumene kuli funso lanu lenileni. Zinthu za pafonizo zisiyeni. Msika wa Zomba uli ndi zonse zofunika, mwinanso kuposa.

Supu yopanda nyama imalephereka pa chifukwa chimodzi: anthu amaponya masamba m'madzi n'kuyembekezera kuti ikoma. Kukoma kumayambira pa anyezi. Dulani anyezi wamkulu mmodzi kapena awiri, muike m'poto ndi masupuni awiri a mafuta ndi kamchere, moto ukhale wochepa. Ngati muli pa mbaula, phulani makala ena. Musafulumire. Anyezi ayambe wafewa, aoneke ngati galasi, kenako m'mbali mwake muyambe kufiira, fungo lisinthe kuchoka pa lija loyabwa m'maso kufika pa lotsekemera. Zimatenga mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo pamenepa ndi pamene pagona supu yonse. Mukatero thiranimo adyo ndi jinja wosinja, muvundule kamphindi, kenako tomato atatu akupsa bwino. Tomato aphikike mpaka madzi ake aphwe, mafuta ayambe kuonekera pamwamba.

Pa maziko amenewa mutha kumangapo supu iliyonse. Imene ndimaikonda kwambiri ndi ya maungu ndi nsinjiro. Sendani theka la dzungu, lija lofiira mkati komanso louma bwino, osati lamadzimadzi, mudule timagawo, muthire m'poto muja ndi madzi ongokwanira kumiza. Pakatha mphindi 20 dzungu likhala litafewa. Blenda siyofunika, chipande kapena mthiko zikwanira kulikanya pompo m'potomo, ndipo timibulu tochepa tikatsala ndi bwinonso, pakamwa pamafuna chotafuna. Sungunulani masupuni anayi a nsinjiro m'kapu ya madzi ozizira kuti zisachite mabulu, muthire, muzivundula, ziwire pang'onopang'ono mphindi khumi mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Muona supu ikusintha, ikukhuthala, ikuwala. Apo ndiye ponyanimo nkhwani wosadzula bwino kapena bonongwe woduladula, manja awiri odzaza, mphindi zisanu zokha, osavundikira, opanda soda. Masamba atuluke akadali obiriwira. Mukaphula, finyiranimo theka la ndimu. Ndimuyo musamuiwale, ndi amene amadzutsa zonse, ndipo amathandiza kuti musathire mchere wambiri.

Kunena za nsinjiro, ndi bwino kusinja nokha kapena kugula kwa munthu amene mumamukhulupirira. Mtedza wofufuta, wonyala kapena wachuku umakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Sankhani mtedza musanasinje, woipa mutaye.

Supu yachiwiri ndi chipere chathu chomwechi, kungochisungunula. Viikani nandolo, khobwe kapena nyemba usiku wonse, mutaye madziwo, mufikise kuti makoko achoke ngati mukufuna chosalala. Wiritsani m'madzi atsopano, ndipo mphindi khumi zoyambirira ziwire mwamphamvu, kenako muchepetse moto mpaka zifewe. Phatikizani ndi anyezi ndi tomato uja, muonjezere karoti, mbatatesi imodzi kuti ikhuthale, kambuzi mmodzi wathunthu amene mumuvuule pambuyo pake. Mphodza ndiye sizichedwa n'komwe, theka la ola zapsa, ndipo zimagwirizana ndi binzali ndi jinja. Supu ya mtundu uwu ndi imene izimugwira m'mimba. Adyere nsima ya mgaiwa, mpunga kapena mbatata yowiritsa. Chimanga ndi nyemba zimakwaniritsana, chimene chikuchepa m'chimanga pa zomanga thupi chimapezeka m'nyemba, choncho asasiye nsima poganiza kuti supu payokha yakwana.

Mwina a m'nyumba mwanu adzadandaula kuti mulibe fungo la nyama. Yankho lake ndi bowa wouma. Muviikeni m'madzi ofunda, mumutsuke mchenga, madzi achiwiri owaviikamo musataye, muwasefe pakansalu n'kuthira mu supu. Tomato wouma amachitanso chimodzimodzi, ngakhalenso mfutso m'nyengo ya chilimwe pamene masamba akwera mtengo. Timakyubu ta supu ta m'sitolo ine sindikulimbikitsani. Mchere umachuluka, ndipo tina timakhala ndi mafuta a ng'ombe kapena a nkhuku, mwana wanuyo akawerenga papaketi adzakana mphika wonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Mcherewo ukhale wa ayodini. Soya pieces ndi wabwino, mumukazinge kaye payekha mpaka afiire musanamuthire mu supu, apo ayi amangokhala ngati siponji.

Supu yotsala musaisiye pa mbaula yozima usiku wonse, makamaka ya nsinjiro ndi ya nyemba, imasasa msanga nyengo yotentha. Ngati firiji mulibe kapena magetsi akuzimazima, phikani yongokwanira, ndipo yotsala iwirenso bwinobwino musanadye.

Zosaphika nazo zipatseni malo, pambali pa mbale, tsiku lililonse. Apa mwana wanu atha kukuphunzitsani kanthu, chifukwa ambiri a ife zipatso timadya mwa apo ndi apo, pamene WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Kachumbali wa tomato, anyezi, ndimu ndi tsabola ndi poyambira. Kabichi mudule mopyapyala kwambiri, muwaze mchere ndi ndimu, mufinye ndi manja mpaka afewe, muonjezere karoti wopala ndi mango osapsetsa. Peyala lokanya ndi ndimu ndi adyo limalowa m'malo mwa mayonezi. Nkhaka, zipwete, papaya, magwafa, chinanazi, masuku ndi masawu pa nyengo yake, madzi a malambe kapena a bwemba opanda shuga wambiri, zonsezi adye mmene angathere. Lamulo ndi limodzi: kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka chilichonse ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, kusenda chimene chingasendeke, ndi kutaya masamba akunja a kabichi. Tomato mutsuke kwambiri chifukwa alimi ambiri amapopera mankhwala. Mphukira za mphodza zimene amazikonda m'makanemamo zimamera m'chinyezi chofunda, mmene tizilombo timaswanamo mosavuta, choncho aziviike m'madzi owira kaye.

Pali chinthu chimodzi chimene supu iliyonse, kaya yabwino bwanji, singamupatse: vitamini B12. Ameneyu amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, osati m'zomera. Chammwamba alibe, thobwa silingadaliridwe, ngakhale ogulitsa ufa wa zitsamba atanena zotani. Thupi limafuna wochepa kwambiri, mamaikrogalamu 2.4 patsiku, ndipo chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo. N'chifukwa chake munthu amaoneka bwinobwino poyamba, mavuto n'kudzabwera mochedwa: kutopa, kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala. Mitsempha ikaonongeka nthawi zina siibwereranso. Ngati watsimikiza zosiya zonse za nyama, apite ku famase akagule mapiritsi a B12 ndipo azimwa mosadumphitsa. Pamenepa musanyengerere, Mayi. Akakana mapiritsi, ndiye avomere dzira kapena usipa kangapo pa sabata.

Ayironi ndiye winanso wofunika kwa mtsikana amene amataya magazi mwezi ndi mwezi. Ali m'nyemba, khobwe, soya, bonongwe, luni ndi chisoso, koma wa m'zomera thupi limavutika kumutenga. Vitamini C amathandiza, ndiye ndimu uja mu supu, kachumbali pambali, gwafa akatha kudya, zili ndi ntchito yake. Tiyi amatchinga, choncho asamwere chakudya, adikire ola limodzi. Posiya mkaka ndi matemba wasiyanso kashiamu wolimbitsa mafupa, ndiye chitowe chokazinga n'kusinja muziwaza pa supu ndi m'phala, masamba obiriwira asasowe pa mbale.

Asanabwerere kusukulu, pitani naye kuchipatala akamuyeze sikelo ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo auze adokotala mosabisa zimene akudya ndi zimene wasiya. Mukaona kuti zovala zayamba kumukhwepa, msambo wadumpha, tsitsi likuthothoka, akuchita chizungulire, kapena wayamba kuopa chakudya ndi kudyera payekha mobisala, musadikire holide ina. Nthawi zina malamulo okhwima a kadyedwe amabisa vuto lina la mumtima, ndipo limenelo limafuna dokotala ndi mayi wake, osati foni. Pakali pano muitanireni kukhitchini, mumupatse mpeni ndi dzungu, supu yoyambayo muphikire limodzi, iye akonze kachumbali wake.