Kachere wanuyo akhoza kukhala bonsai, koma musamuzule Loweruka lino

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga ndipo zithunzi ndaziona. Mwati kuseri kwa nyumba kuli kachere wotalika mamita 3, thunthu lake lalikulu ngati ntchafu ya munthu wamkulu, ndipo chaka chamawa mukufuna kumanga mpanda wa njerwa pamalo pomwepo. Mukuona kuti kumudula nkhuni n'kuwononga, ndiye mwaganiza zomusandutsa bonsai, mtengo waufupi wosungidwa mumphika, ndipo mukufunsa ngati mungamuzule Loweruka lino, kumudulira, kumukulunga waya n'kumuika mumphika tsiku lomwelo. Maganizo a bonsaiwo ndagwirizana nawo ndi mtima wonse. Za Lowerukazo ndiye ndikukupemphani kuti muzisiye. Kachere angapirire ntchito zonse mwatchulazi, koma imodziimodzi, ndipo panopa m'mwezi wa June, kunja kukuzizira chonchi, si nthawi ya ntchito ngakhale imodzi mwa izo.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ine ndinataya mtengo mwanjira yomweyi. Unali bougainvillea wakale amene anabzala malemu bambo anga pakhonde, thunthu lake lopindikapindika, khungwa lokhakhala. Ndinauzula m'mawa nyengo yozizira, masana n'kudula nthambi zonse, madzulo n'kuupanikiza mumphika wosaya wodzaza dothi la kudimba. Unaphukira timasamba tochepa, ine n'kusangalala, koma patatha milungu itatu timasambato tinafota. Nditaufukula ndinapeza mizu yakuda, yonunkha, yoterera m'manja. Timasamba tija tinatuluka ndi chakudya chotsalira m'thunthu, pansi panalibe muzu watsopano ndi umodzi womwe. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo sindikufuna kuti zikuchitikireni.

Chimene muli nacho kuseri kwa nyumbako ndi chuma, ndipo chumacho ndi thunthu. Bonsai si mtengo wobadwa waufupi ayi. Mawuwa ndi a Chijapani, amatanthauza mtengo wobzalidwa m'mbale yosaya, ndipo lusoli anthu a ku Japan analitengera ku China komwe amalitcha penjing. Mtengo ukalowa mumphika waung'ono thunthu limangotsala pang'ono kusiya kunenepa, n'chifukwa chake amene amayamba ndi njere amadikira zaka zambirimbiri kuti apeze thunthu limene inu muli nalo kale. Bonsai zambiri zamathunthu akuluakulu zimene mumaziona pa intaneti zinali mitengo italiitali imene inadulidwa n'kuphukiranso. Ya m'tchire yokumbidwa motere ku Japan amaitcha yamadori. Apa ndiwauzeko anzathu ena amene akuwerenga: wa achimwenewa uli pakhomo pawo, palibe vuto, koma musakakumbe m'nkhalango zotetezedwa monga Dzalanyama kapena phiri la Zomba, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutheratu, musauyandikire n'komwe.

Pali ntchito imene mungaigwire Loweruka lomwe lino, ndipo siifuna chikwanje. Tengani kamtengo kosongola ndi burashi yakale, mupalase dothi mozungulira tsinde mpaka muone pamene mizu ikuluikulu ikuyambira. Malo amenewa a ku Japan amawatcha nebari, ndipo ndi pamene diso la munthu wodziwa limayambira. Kachere amene mizu yake yatambalala mbali zonse ngati zala zogwira nthaka amaoneka wakale ngakhale atakhala waufupi. Zungulirani mtengowo, mugwade kuti maso anu alingane ndi tsinde, muone mbali imene mizu ikuoneka yotakata ndiponso thunthu likupindika mokoma. Mbali imeneyo ndiyo idzakhale kutsogolo. Khomanipo chikhomo pansi kuti musadzaiwale, chifukwa kudula konse kudzatsatira chikhomo chimenecho.

Kudula thunthu kudikire September, kuzizira kutatha, mitengo itayamba kuvala masamba atsopano. Mitengo ya mtundu wa kachere ndi mkuyu imakonda kutentha, ndipo bala lodulidwa nyengo yozizira limangokhala osapola mpaka kuyamba kuola. Mudule mtengo uli pomwepo m'nthaka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mizu yonse ikadali yamoyo, mphamvu imene inkadyetsa mtengo wa mamita 3 imathamangira pachitsa, ndipo mphukira zimatuluka thunthu lonse. Mukadula pamwamba ndi pansi tsiku limodzi, mtengo umafuna masamba kuti upange mizu, umafunanso mizu kuti udyetse masamba, zonse ziwiri palibe.

Mudule pati? Pali muyeso umene ambiri amayambira: kutalika kwa bonsai yomalizika kukhale pafupifupi kasanu ndi kamodzi kunenepa kwa thunthu pa tsinde. Ngati thunthu lanu lili masentimita 15 kuchoka mbali ina kufika ina, mtengo womalizika udzakhala wa masentimita 90 kapena kucheperapo. Koma simudula pa 90. Mumadula chapansi, pa masentimita 30 kapena 40, kuti gawo lotsalalo lidzamangidwe ndi mphukira yatsopano yocheperako. Umu ndi mmene thunthu limakhalira lonenepa pansi n'kumawonda pokwera, ngati mtengo weniweni wakale. Ndikudziwa kuti dzanja lidzanjenjemera. Pafupifupi aliyense woyamba amadula pamwamba kwambiri chifukwa cha chisoni, kenako amatsala ndi chinthu chooneka ngati mzati wa khola wokhala ndi tsitsi pamutu. Ine ndinganene kuti dulani pa 40, mopingasa, ndi sowo yakuthwa osati chikwanje, chifukwa chikwanje chimang'amba khungwa. Kusema mopendeketsa mudzachita chaka chinacho, mutaona pamene mphukira zatulukira, ndipo balalo lidzayang'ane kumbuyo, kutali ndi chikhomo chija.

Kachere akadulidwa amatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Usalowe m'maso, ndipo pa sowo muupukute ndi parafini usanaume. Ukaleka kutuluka, pakani pabala phula la njuchi kapena guluu woyera wa akalipentala. Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto poganiza kuti athamangitsa chiswe. Ameneyo amapha khungwa la m'mphepete mwa bala, pamene pakufunika kuti pakhale pamoyo. Nthambi zodulidwazo musataye zonse. Kachere amamera ndi chimtengo chongozika, monga mmene anthu amazikira mitengo ya mpanda kumudzi n'kuphuka. Sankhani ziwiri zitatu zopindika bwino, muzike mumchenga pamthunzi. Zimenezo ndi zimene mudzaphunzirirepo kukulunga waya, wamkuluyo asanafike pofuna waya.

Mukadula, thirirani kamodzi kapena kawiri pamlungu mpaka mvula itagwa, ndipo mphukira zisiyeni zonse zikule mmene zikufunira. Chidzaoneka ngati chitsamba chosasamalidwa, a pakhomo adzakufunsani kuti bonsai ija ili kuti, koma masamba amenewo ndiwo akupanga chakudya chimene mtengo udzadalire pozulidwa.

Mizu nayo iyenera kukonzedwa mtengo usanachoke. Timizu tating'ono tomwa madzi tili kutali ndi thunthu, mwina mamita angapo, ndipo mukangozula mumatisiya tonse m'nthaka. Choncho mu December, mvula itakhazikika, jambulani bwalo pansi pa mtunda wa masentimita 30 kapena 40 kuchokera pathunthu, mukumbe kangalande theka la bwalolo, mudule mizu ikuluikulu ndi sowo, mukwirire ndi mchenga wa kumtsinje. Theka linalo mudzachite mu February. Pamalo podulidwapo pamatuluka timizu tambirimbiri toyera pafupi ndi thunthu, ndipo timeneti ndi timene mudzapite nato mubokosi. Kuzula kwenikweni kudzakhale November wa chaka chamawa, mvula yoyamba ikamagwa. Amisiri a mpanda aja auzeni ayambire mbali ina. Zikakanika ndithu, ndiye mudzadule ndi kuzula pamodzi nyengo yotentha, chifukwa kachere ndi wolimba kuposa mitengo yambiri ndipo kawirikawiri amapulumuka, koma mukatero musamukhudzenso ndi lumo kapena waya chaka chathunthu.

Mphika wokongola wosaya uja sungani kaye. Poyamba mtengo ulowe m'bokosi la matabwa kapena beseni lalikulu loboola mabowo ambiri pansi, lotakata koma losazama kwambiri, lokhazikidwa pa njerwa kuti madzi azituluka ndiponso chiswe chisakwere msanga. Mizu yolowa pansi idulidwe, yotambalala m'mbali isiyidwe. Mumange thunthu kubokosi ndi waya kuti lisagwedezeke ngakhale pang'ono, pakuti mphepo ikaligwedeza timizu tatsopano timaduka. Za dothi ndi pamene ine ndinagwera. Ku Japan amagwiritsa ntchito dongo la timibulu lotchedwa akadama, kuno simulipeza wamba, koma chimene likuchita ndi kusunga chinyezi n'kulola mpweya kudutsa. Phwanyani njerwa zowotcha bwino, musefe kuti mutsale ndi timiyala ta mamilimita 3 mpaka 6, fumbi lonse mutaye. Sakanizani ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi makungwa a paini owolerana. Mukathira madzi azituluka pansi nthawi yomweyo. Dothi la kudimba ndi la pachulu limagwirana ngati phala, mizu imabanika. Bokosi likhale pamthunzi milungu itatu kapena inayi, feteleza ayi kufikira mtengo utaonetsa kuti wagwira, kenako muutulutsire padzuwa pang'onopang'ono ndi kuyamba kuika manyowa a mbuzi owolerana, ochepa.

Tsopano za maonekedwe, zimene ndikuona kuti ndi zimene zakukokani mtima. Zithunzi zambiri za bonsai ndi za paini wa ku Japan, wosongoka pamwamba, nthambi zake zogwera pansi ngati zolemedwa ndi chipale chofewa. Kachere musamukakamize kukhala paini. Pitani mukaime pansi pa kachere wa pabwalo la mfumu, muone mmene thunthu limagawikira nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi, mmene zimakwerera kenako n'kutambalala, mutu wake wotakata kuposa kutalika kwake, ndi mizu yolendewera imene imatsika n'kumatirira kuthunthu. Chimenecho ndicho mukufuna kuchiika patebulo. Anzathu a ku South Africa anazindikira zimenezi kalekale: ali ndi kapangidwe ka bonsai kotchedwa Pierneef, kotengera mitengo ya mutu wonga ambulera imene ankajambula J. H. Pierneef, ndiponso kena kotengera mlambe. Kwa ine mitengo yotere imandigwira mtima kuposa yotsanzira, chifukwa ndimaidziwa mthunzi wake.

Mtengo ukagwira m'bokosi, sankhani mphukira imodzi yamphamvu chapamwamba kuti ipitirize thunthu, ndi zina zitatu kapena zinayi zoti zikhale nthambi. Zisatulukire pamalo amodzi, chifukwa pamenepo pamatupa ngati chotupa ndipo sipabwereranso. Yoloza kumaso kwa munthu woima kutsogolo ichoke, yokulira mkati ichoke, zopingasana ichoke imodzi. Nthambi zapansi muzilole zitalike kuti zinenepe kuposa zapamwamba, popeza mtengo mwachibadwa umathamangitsira mphamvu kunsonga, ndiye kumwambako muzidulira kawirikawiri. Nthambi ikanenepa mokwanira, idulireni kufupi, ndipo kuyambira pamenepo muziilola itulutse masamba 6 kapena 8 n'kuibweza pa 2. Ikagawika pawiri, iliyonse muichitenso chimodzimodzi. Masamba amachepa okha nthambi zikamachuluka. Kuthothola masamba onse kuti atuluke ang'onoang'ono kulipo, koma ndi kwa mtengo wamphamvu umene nthambi zake zakhazikika kale.

Waya wabwino kwa kachere ndi wa aluminiyamu, wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi imene mukuipinda, wokulungidwa mopendekera, osathina. Chenjezo langa lalikulu ndi ili: nyengo ya mvula kachere amanenepa msanga, waya amatha kulowa m'khungwa mwezi umodzi usanathe, ndipo zipsera zake zozungulira zimakhala zaka. Muziyang'ana mlungu uliwonse, ndipo pochotsa muziduladula, osamasula. Kwa nthambi zikuluzikulu ine ndimakonda kuzikokera pansi ndi chingwe chomangirira kubokosi, n'kuika kachidutswa ka chubu cha njinga pamene chingwe chakhudza khungwa.

Mwafunsanso kuti zidzatenga nthawi yaitali bwanji. Chaka choyamba ndi cha kudula ndi kukonza mizu, chachiwiri cha kuzula ndi kuchira, ndipo mutu wooneka ngati wa kachere weniweni muuyembekezere chapakati pa zaka 5 ndi 8. Kwa anthu a lusoli zimenezi ndi zochepa. Ku National Arboretum, munda wa mitengo wa mumzinda wa Washington ku America, kuli paini amene anayamba kusamalidwa m'chaka cha 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo mwini wake Masaru Yamaki anaupereka ngati mphatso mu 1976. Wanuyu sadzakudikiritsani chotero, chifukwa kachere kuno kwathu amakula pafupifupi chaka chonse.

Mukapalasa tsinde Loweruka, mujambule zithunzi zinayi, mbali iliyonse chimodzi, foni ili chapansi, ndipo muike bokosi la machesi pambali pa thunthu kuti tione kukula kwake. Pachithunzi chanu chachiwiri ndikuona ngati pali kanthambi kakang'ono kumanzere, chapafupi ndi nthaka. Kameneko musakadule, tikaone kaye.