Ma play anayi okha akukwanirani, achimwene

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kompyuta ikukukwapulani pa All-American, umodzi mwa milingo yovuta, mu College Football 25, gemu ya mpira wa ku America wa m'makoleji, chonsecho playbook yonse (mndandanda wa ma play, njira zosewerera) munailoweza pamtima. Ndikuona kuti vuto lagona pomwepo. Mukuthera nthawi kusakasaka play yokongola, wotchi n'kumatha, kenaka mumasankha mothamanga n'kuponya mpira m'manja mwa adani.

Ine ndinayamba Dynasty, gawo la gemu loyendetsa timu chaka ndi chaka, ndi Kennesaw State, timu yomwe inangolowa kumene mu FBS, gulu lapamwamba la matimu a makoleji, mu 2024, anyamata ake ofooka zedi. Chaka choyamba ankandimenya ngati ng'oma. Zinthu zinasintha nditasiya ma play onse n'kutsala ndi anayi: Inside Zone, Read Option, Mesh ndi Four Verticals. Basi.

Musanayambe play, yang'anani ma safety, anyamata a adani oima kumbuyo kwenikweni aja. Akakhala awiri kutali, ndiye kuti pafupi ndi mzere woyambira play pachepa anthu, mpatseni running back wanu (wothamanga ndi mpira) Inside Zone adutse pakati. Mayadi anayi, asanu, osanyoza. Mubwerezenso kachiwiri, kachitatu, musachite manyazi. Kompyuta ikatopa imatsitsa safety mmodzi kuti athandize kutseka, ndipo nthawi yanu ndi imeneyo. Itanani Four Verticals, pomwe olandira mpira anayi amathamanga molunjika kutsogolo. Safety wotsala yekha uja sangalondere anthu awiri othamanga m'kati; onani komwe wapendekera, inu ponyerani winayo. Adani akayamba kulondera munthu ndi munthu, Mesh, pomwe olandira mpira anu awiri amadutsana mopingasa, imawagundanitsa okhaokha pakati pa bwalo, wanu n'kutuluka ali yekha.

Pa Read Option, pomwe quarterback (woponya mpira) amasankha kupereka mpira kapena kuusunga, maso akhale pa defensive end, mdani wa kumapeto kwa mzere, yemwe sanatchingidwe. Akathamangira running back, quarterback asunge mpira azungulire kunja. Akaima chilili, perekani mpira. Koma chenjerani ndi Wear and Tear, dongosolo la gemu lofooketsa thupi la wosewera akamagundidwa. Ine quarterback wanga ndinamuthamangitsa mopanda chisoni theka loyamba, pofika kota yachinayi mkono unali utafiira pa chithunzi cha thupi lake, mipira ikugwera pansi asanaifikire anzake. Muphunzitseni kugona pansi asanagundidwe.

Za fourth down, mwayi (down) wachinayi komanso womaliza wokwanitsa mayadi khumi, ndiye osanyengerera. Mukadutsa pakati pa bwalo, kwatsala mayadi awiri kapena atatu, punter, womenya mpira kuubweza kwa adani, akhale pa benchi. Nthawi zina mulephera, inde, koma timu yofooka siipambana pobweza mpira kwa Georgia kapena Ohio State kuti ayambirenso. Ndipo mukapeza first down, kutanthauza ma down anayi atsopano, musalowe mu huddle, kusonkhana kopangana play kuja. Pitirizani msangamsanga monga ankachitira kochi Chip Kelly ku Oregon, adani asapeze mpata wosintha anthu. Ma lineman awo, anyamata onenepa a pa mzere aja, amayamba kupuma wefuwefu.

Kunja kwa bwalo lanu ma play ochepa amathandizanso kwambiri. Pitani ku Kyle Field kwa Texas A&M mukaone: chiphokoso chimagwedeza sikirini, mizere ya ma route (njira za olandira mpira) imakhotakhota, mabatani ena osaoneka n'komwe. Amene amadalira kuwerenga mizere ija amasokonezeka. Ine Mesh ndimaidziwa ngati njira ya kunyumba, ndiye ngakhale mizere ivine ndimadziwa komwe tight end, wolandira mpira woima pambali pa ma lineman, akatulukire.

Kumbali yoteteza sindichita zambiri: Cover 3 (anthu atatu kulondera kumbuyo) pa down yoyamba ndi yachiwiri, blitz (kutumiza anthu owonjezera kukagwira quarterback) pa third down yaitali, ine n'kuyendetsa linebacker wapakati, woima kumbuyo kwa ma lineman. Tsitsani kaye pa Varsity, mlingo wosavutirapo, masewera awiri kuti maso azolowere kuwerenga ma safety, kenaka mubwerere pa All-American mudzatiuze zigoli.