Kodi ndi zisankho za chipulula zimene zikupha sitima zaliwiro ku America?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga, yemwe akugwira ntchito ya unamwino ku Indiana, wanditumizira imelo. Akuti anzake awiri kuntchito sagwirizana pa nkhani ya njanji ya sitima yaliwiro imene ikumangidwa ku California. Wina akuti ndi dzenje lomeza ndalama basi. Winayo akuti ntchitoyo ikanatha kalekale, koma andale a chipani cha Republican amaipondereza dala kuti asangalatse anthu awo pa zisankho za chipulula za upulezidenti. Mayiwo akufunsa kuti akunena zoona ndani, komanso zatheka bwanji kuti Morocco ali nayo sitima yotere pomwe America ndi chuma chake chonse alibe.

Mayi, mnzanu wachiwiriyo nkhani yake ndi yoona, koma waiika pamalo olakwika. Zimene akunenazo zinachitikadi ku Wisconsin, Ohio ndi Florida m'zaka za 2010 ndi 2011. Ku California bala lalikulu anadzicheka okha.

Kwathu chipulula ndi cha aphungu ndi makhansala, ndipo woimira chipani pa upulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi kumsonkhano waukulu. Ku America ofuna mpando wa pulezidenti amayenda chigawo ndi chigawo kuyambira Januwale mpaka Juni, akutolera nthumwi malinga ndi mavoti. Ku Republican chigawo choyamba ndi Iowa, kenako New Hampshire. Pa 15 Januwale 2024, usiku wozizira koopsa, anthu pafupifupi 110,000 okha ndi amene anasonkhana m'maholo a masukulu ndi m'matchalitchi a ku Iowa, n'kulemba dzina pakapepala n'kuponya m'kabokosi kapena m'kadengu kozungulira. Chigawocho chili ndi anthu oposa 3 miliyoni. Amene amatuluka m'nyumba usiku wotero ndi anthu a chipani enieni, ouma mutu pa zimene amakhulupirira, ndipo wandale amadziwa kuti akalephera pamaso pawo, opereka ndalama za kampeni amayamba kutseka zikwama.

Ndiye taganizani kuti anthu amenewa sitima yaliwiro iwathandiza chiyani. Mzinda wawo waukulu, Des Moines, ulibe n'komwe sitima yonyamula anthu. Nkhani yawo ndi chimanga ndi mafuta a ethanol opangidwa kuchokera ku chimangacho. Wandale akawauza kuti msonkho wawo ukupita kukamangira njanji anthu a ku San Francisco, samasowa owomba m'manja.

Mu 2009 boma la Barack Obama linapatula madola 8 biliyoni oti zigawo zipemphe kuti zimange njanji zaliwiro. Wisconsin anapatsidwa madola 810 miliyoni a njanji yochokera ku Milwaukee kupita ku Madison. Ohio anapatsidwa 400 miliyoni a njanji yolumikiza Cleveland, Columbus ndi Cincinnati. Florida analonjezedwa pafupifupi 2.4 biliyoni a njanji ya makilomita 135 pakati pa Tampa ndi Orlando. Pa chisankho cha Novembala 2010, nthawi imene gulu la Tea Party, lodana ndi misonkho ndi kumwaza ndalama za boma, linali pachimake, zigawo zitatuzi zinasankha abwanamkubwa a Republican: Scott Walker, John Kasich ndi Rick Scott. Onse atatu anakana ndalamazo. Walker kukana sitima anakusandutsa mbendera ya kampeni yake. Kasich atangopambana ananena kuti sitimayo yafa. Scott anabweza zake mu Febuluwale 2011, aphungu awiri a m'chigawomo anakamusumira, koma khoti lalikulu la Florida linagamula momukomera.

Zifukwa zawo sizinali zopanda mutu zonse. Boma la ku Washington limapereka ndalama zomangira, koma zoyendetsera sitima chaka ndi chaka, komanso mtengo ukakwera ntchito ili mkati, zimagwera chigawo. Ndipo ya ku Ohio inali yaliwiro pa dzina pokha, chifukwa liwiro lake lalikulu likanakhala makilomita 127 pa ola, ndipo kuphatikiza zoimaima m'masiteshoni munthu wa galimoto akanafika msanga. Komabe ya ku Florida inandiwawa. Malo ambiri analipo kale, pakati pa msewu waukulu wa Interstate 4, ndipo Washington imalipira pafupifupi mtengo wonse. Ikanamangidwa, anthu a ku America akanakwerako sitima yaliwiro yeniyeni n'kuweruza okha, m'malo mokangana za chinthu chimene ambiri amangochiona pa TV.

Pali kachidutswa ka nkhani ya Wisconsin kamene kanagonapo pafupi ndi kwanuko. Bwanamkubwa wa chigawocho Walker asanabwere, Jim Doyle, anali ataitanitsa sitima ziwiri ku kampani ya ku Spain ya Talgo, ndipo kampaniyo inatsegula fakitale ku Milwaukee n'kuzipanga. Anazipaka penti yofiira ndi yoyera, mitundu ya timu ya yunivesite ya Wisconsin. Boma latsopano silinazitenge, nkhani inapita kukhoti, chigawo chinalipira mamiliyoni ambiri osatsala ndi ngolo ngakhale imodzi. Sitimazo zinakhala zaka zitaimikidwa pa bwalo la Amtrak, kampani ya boma ya sitima zonyamula anthu, ku Beech Grove, kunja kwa Indianapolis, zatsopano, mipando yake isanakhalepo munthu wolipira tikiti. Mu 2022 boma la Lagos ku Nigeria linazigula kuti zikayende pa njanji yawo ya Red Line.

Walker ndi Kasich onse anadzalowa mu chipulula cha upulezidenti cha 2016, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi mnzanuyo. Kukana sitima sikunawapatse mpando. Walker anagwa mu Seputembala 2015, voti ngakhale imodzi isanaponyedwe. Kasich anangopambana kwawo ku Ohio. Amene anawagonjetsa onse, Donald Trump, pa kampeni yomweyo ankadandaula poyera kuti China ili ndi sitima zothamanga ngati mphepo pomwe za ku America zimangokwawa. Anthu a chipani chake anamuvoterabe. Kotero palibe amene amaponya voti ya chipulula chifukwa cha njanji. Njanji imangogwira ntchito ya chizindikiro: bwanamkubwa amene wabweza cheke cha Obama ali ndi umboni woti ndi wathuwathu, ndipo amene wachilandira adzafunsidwa pa mtsutso wa pa TV chifukwa chimene anadyera m'mbale ya mdani. Kuopa funso limenelo n'kokwanira kuti munthu wofuna mpando waukulu akane ndalama zaka zisanu chisankho chisanafike.

Ku Democratic masewera ndi omwewo, kungotembenuza. Mu chipulula cha 2020 sitima zaliwiro zinali pakamwa pa ambiri chifukwa cha nkhani ya kusintha kwa nyengo. Joe Biden, amene anakwera Amtrak zaka 36 pakati pa Wilmington ndi Washington ali senata, anadzasainira lamulo la 2021 lokhala ndi madola 66 biliyoni a njanji, ndipo nduna yake ya zamtengatenga inali Pete Buttigieg, meya wakale wa South Bend kwanu komweko, yemwenso anapikisana nawo mu chipulula chimenecho. Gawo lalikulu la ndalamazo linapita kukakonza milatho ndi ngalande zakale za njanji za kumpoto chakum'mawa, zina za zaka zoposa 100. Ntchito yofunika, koma si imene anthu ankaiombera m'manja pa misonkhano.

California ndi chigawo chimene a Democratic akulamulira nyumba zonse za malamulo ndi mpando wa bwanamkubwa kuyambira 2011. Palibe Walker kumeneko. Mu Novembala 2008 anthu anavomereza pa voti, kudzera mu Proposition 1A, kuti boma likongole madola 9.95 biliyoni. Analonjezedwa ulendo wa San Francisco mpaka Los Angeles wa maola awiri ndi mphindi 40, pa mtengo wa pafupifupi 33 biliyoni, sitima ikuyenda pofika 2020. Lero mtengo wa gawo limenelo ukuyerekezedwa kuti ungapitirire 100 biliyoni, ndipo chimene akulimbana nacho ndi makilomita pafupifupi 275 pakati pa Merced ndi Bakersfield, m'chigwa cha alimi chapakati, kuti mwina chiyende m'zaka za m'ma 2030.

Zinasokonekera motere. Njira inakhotetsedwa kuti idutse m'matauni amene andale ake anali ndi mawu, monga Palmdale, m'malo molunjika. Ndalama za Obama zinali ndi tsiku lomaliza kuzigwiritsa ntchito, Seputembala 2017, choncho akuluakulu anathamangira kupereka makontirakiti malo asanagulidwe. Kontirakitala ankafika ndi makina ake n'kupeza kuti munda wa mlimi sunalipiridwe, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi sanasunthidwe, ndiye ankangokhala uku akutumiza bilu ya masiku otayika. Wofufuza mabuku a chigawocho anadzudzula zimenezi mu lipoti la 2018. Malo oti agulidwe anali oposa 2,000, aliyense ndi mwini wake ndi loya wake. Lamulo la California loteteza chilengedwe limalola pafupifupi aliyense kukasuma, ndipo maboma ang'onoang'ono ndi alimi analigwiritsa ntchito mokwanira. Mukadutsa cha ku Fresno lero muona zipilala zazitali za konkire ndi milatho yautali itadutsa pamwamba pa mitsinje ndi minda ya zipatso, yomalizidwa bwinobwino, koma pamwamba pake palibe sitima. Zimandikumbutsa nyumba zija zimene munthu amafika nazo palinta ndalama n'kutha, udzu n'kumera pabalaza.

Ndale za ku Washington zinangowonjezera mchere pabala. Mu 2019 boma la Trump linalanda madola 929 miliyoni, la Biden linabweza mu 2021 n'kuwonjezera 3.1 biliyoni kumapeto kwa 2023, ndipo mu Julaye 2025 boma la Trump linalengezanso kuti lachotsa pafupifupi 4 biliyoni. Palibe injiniya amene angakonze dongosolo la zaka 20 pamene mpopi ukutsegulidwa ndi kutsekedwa zaka zinayi zilizonse. Koma ngakhale ndalama zonsezo zikanabwera, sizikanafika kuboola mapiri a Tehachapi ndi San Gabriel kuti njanji ilowe mu Los Angeles. Ndalama za gawo limenelo sizinapezekepo chiyambire.

Za Morocco yankho lake si lovuta. Sitima yawo ya Al Boraq inatsegulidwa mu Novembala 2018, imathamanga makilomita 320 pa ola pakati pa Tangier ndi Kenitra, ndipo ulendo wa Tangier mpaka Casablanca unatsika kuchoka pa maola pafupifupi asanu kufika pa awiri ndi mphindi zochepa. Anasankha mtunda waufupi wa makilomita pafupifupi 200, anapeza ngongole ku France ndi kumayiko a Aluya ntchito isanayambe, anabwereka luso la kampani ya njanji ya ku France ya SNCF, ndipo mfumu ikanena kuti njanji idutsa apa, kukangana kumatha msanga. Mbali yomalizayi sindikuisirira. Mlimi wa ku Kings County ku California amene anakokera boma kukhoti anali ndi ufulu umene mnzake wa ku Morocco kapena ku China alibe. Koma Japan, amene anayamba zonsezi mu 1964, France mu 1981 ndi Spain mu 1992 ndi mayiko a zisankho ndi makhoti, ndipo anamanga. Kusiyana kwake n'koti ali ndi mabungwe a boma okhala ndi mainjiniya awoawo amene amamanga njanji ina ikatha ina, pomwe California kwa zaka zambiri inadalira alangizi aganyu odula.

Sikuti ku America kulibiretu kanthu. Sitima ya Amtrak yotchedwa Acela ya pakati pa Boston ndi Washington imafika makilomita 240 pa ola kapena kupitirirapo pang'ono, koma m'zidutswa zochepa chabe. Ku Florida komwe Scott anakana ndalama za boma, kampani ya Brightline inatsegula njanji ya Miami mpaka Orlando mu Seputembala 2023, yofika makilomita 200 pa ola, ngakhale ngongole zikuipanikiza.

Nkhaniyi muimvanso posachedwa, chifukwa Gavin Newsom, bwanamkubwa wa California kuyambira 2019, akutchulidwa kwambiri pa chipulula cha Democratic cha 2028. Iye mwini, atangolowa pampando, anauza aphungu kuti dongosolo lonse monga linalili linali lodula ndi lochedwa kwambiri, kenako anapitiriza ndi gawo la m'chigwa. Akalowa mu mpikisano, zithunzi za zipilala za ku Fresno zidzakhala pa TV yanu madzulo aliwonse, ndipo oyamba kuzionetsa akhoza kukhala anzake a chipani chimodzi amene akufuna mpando womwewo.

Anzanu awiri aja akadzayambanso kukangana pa nthawi ya tiyi, afunseni kuti njanji imene akuikambayo malo ake anagulidwa kale kapena ayi, ndalama zake zilipo zonse kapena ndi za gawo loyamba lokha, ndipo ikalephera kudzilipira adzalipira ndani. Ya Tampa ndi Orlando inali ndi mayankho abwino pa mafunso awiri oyambawo. Ya California mu 2008 inalibe yankho pa onse atatu.